Kudzuka pa Mphasa: M'mene Mphamvu za Minofu ndi Mafupa Zimabwererera

Ku Mughese, m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, malo a chidikha ndi osowa. Munthu akatuluka m'nyumba, ngati sakukwera ndiye kuti akutsika. Kumunda wa khofi nkukwera, kumtsinje nkutsika, ndipo chimbudzi nachonso kawirikawiri chimakhala kumunsi kwa nyumba, pa kanjira kamene kamaterera mvula ikagwa. Anthu a kumeneko saganizira za ntchito yaikulu imene miyendo yawo imagwira, popeza anabadwira pa chitunda ndipo anakulira pomwepo. Amadzaiganizira tsiku limene mmodzi wa iwo wabwerako ku chipatala atagona masabata angapo.

Zimachitika motere. Bambo wa zaka za m'ma 50 wagwa pa njinga yamoto, kapena wagwa mu mtengo posadza nthambi, nathyoka fupa la m'ntchafu. Ku chipatala mwendo wake aukoka ndi chingwe chimene kumapeto kwake amangako zolemera, kuti fupa lothyokalo likhale molunjika kufikira litagwirana. Kwa zaka zambiri iyi ndiyo yakhala njira yothandizira akuluakulu ochuluka othyoka ntchafu m'zipatala za m'maboma muno m'Malawi, ndipo imafuna kuti munthu agone chagada masabata 6 kapena kuposerapo. Tsiku lotuluka likafika achibale amakondwa, chifukwa dokotala wanena kuti fupa lagwirana. Koma pamene galimoto yathera, ndipo patsala kamtunda kofikira kunyumba, bamboyo amalephera kuyenda ngakhale mapazi khumi. Mutu umazungulira, mtima umathamanga, buluku lake likukhwepa, ndipo chodabwitsa koposa nchakuti mwendo umene sunathyoke nawonso ukunjenjemera. Pamenepo ena amayamba kunong'ona kuti pali matenda ena amene sanaoneke, ena amaganizira za anthu oipa mtima.

Chimene chafooketsa mwendo wabwinowo ndi kugona komweko. Izi zimagweranso munthu amene wadwala chifuwa chachikulu kapena chibayo kwa nthawi yaitali, amene wafa ziwalo za mbali imodzi, mayi amene anauzidwa kuti agone chifukwa cha pakati povuta, ndi nkhalamba imene malungo aigoneka sabata imodzi yokha.

Chimene kugona kumachotsa m'thupi

Njira imene anthu aleka kupitamo imamera udzu. Thupi la munthu nalonso silisunga chinthu chimene sichikugwira ntchito, ndipo limayamba kuchichotsa msanga kuposa m'mene ambiri amaganizira.

Choyamba kuchepa ndi madzi a m'magazi. M'masiku oyambirira a kugona, thupi limataya madzi ambiri kupyolera mu mkodzo, ndipo mitsempha ya m'miyendo imaiwala ntchito yake yokankhira magazi kumtunda. Motero munthu akaimirira, magazi amatsikira kumapazi, kumutu amafika ochepa, ndipo iye amaona chidima kapena kukomoka. Kenaka imachepa minofu, makamaka ija imene imagwira munthu kuti akhale chilili: ya m'ntchafu, ya m'matako, akatumba ndi ya kumsana. Mikono imaonda pang'ono chabe, chifukwa wodwala amaigwiritsabe ntchito podya ndi podzikoka. Polumikizana mafupa pamauma. Bondo limene lakhala lopinda masabata ambiri limakana kuongoka, ndipo phazi limene lakhala lolozera pansi limakana kuponda ndi chidendene. Potsiriza, ndiponso mosaoneka ndi maso, amachepa mafupa.

Kale madokotala ambiri ankakhulupirira kuti kugona ndi mankhwala a matenda ambiri. M'chaka cha 1947 dokotala wina wa ku London, Richard Asher, analemba nkhani yochenjeza anzake kuti bedi lili ndi zoopsa zake, ndipo zimene anazindikira poyang'ana odwala zinatsimikizika pambuyo pake. M'chaka cha 1966 ku Dallas, m'dziko la America, anyamata asanu a zaka 20, athanzi labwino, anavomera kugona masabata atatu osadzuka. Atadzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapo awo pogwira ntchito yolemetsa inali itatsika ndi magawo oposa 25 pa 100 alionse. Anawaphunzitsa masewera olimbitsa thupi kwa masabata 8 ndipo mphamvuzo zinabwerera. Anthu omwewo anawayesanso m'chaka cha 1996, ali ndi zaka 50, ndipo kunapezeka kuti zaka 30 za kukalamba sizinawafooketse monga m'mene anawafooketsera masabata atatu aja. Pa nkhalamba zinthu zimathamanga koposa. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2007 anaonetsa kuti anthu athanzi a zaka za m'ma 60 atagona masiku 10 okha, anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo pa avareji. Amene anagulapo kilogalamu ya nyama pa msika akudziwa kukula kwake.

Nkhani ya mafupa iyenera kufotokozedwa mofatsa, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Fupa limaoneka ngati mtengo wouma, koma ndi lamoyo. M'kati mwake muli timaselo ta mitundu iwiri: tina timagumula fupa lakale, tina timamanga latsopano, monga m'mene mwini nyumba amagumulira pamene pang'ambika ndi kumatanso. Chimene chimauza omangawo kuti agwire ntchito ndi kulemera kwa thupi pamene munthu waponda pansi, ndiponso kukoka kwa minofu. Dokotala wa ku Berlin, Julius Wolff, anafotokoza mu 1892 kuti fupa limakula ndi kulimba molingana ndi katundu amene likunyamula. Munthu akagona, omanga amafooka koma ogumula amapitirira, ndipo kashiamu, mchere umene umalimbitsa fupa, amatuluka ndi kutayika mu mkodzo. Zoterezi zimaonekanso pa anthu amene amakhala miyezi ingapo m'chombo cha m'mlengalenga, kumene thupi sililemera: mafupa awo a m'chiuno amachepa ndi gawo limodzi kapena kuposerapo pa 100 alionse mwezi uliwonse, ngakhale kuti sakudwala.

Tsono kugumula nkofulumira, kumanga nkochedwa. Malo amene ogumula amakumba m'masabata awiri kapena atatu, omanga amawadzaza m'miyezi itatu kapena inayi. Ku Houston amuna 6 anagonekedwa masabata 17, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1990: fupa la chidendene linachepa ndi magawo 10 pa 100 alionse. Atayenda miyezi 6 chidendenecho chinabwerera mwakale, koma mafupa a m'chiuno ndi a msana anali asanabwerere.

Apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Mphamvu sizibwerera pamodzi. Chizungulire chimatha m'masiku owerengeka, minofu imabwerera m'masabata ndi miyezi, koma fupa limatsalira kumbuyo miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Pali nyengo imene munthu amadzimva kuti wachira, miyendo yayamba kumumvera, mtima ukumuuza kuti asenze mkoko wa nthochi ndi kutsika nawo phiri, pamene fupa lake likadali lopyapyala. Nyengo imeneyi ndi yoopsa kuposa masiku oyamba, chifukwa m'masiku oyamba aliyense amasamala.

Ntchito iyambe munthu akadali chigonere

Kudikira tsiku lotuluka m'chipatala nkuchedwa. Wodwala, kapena wachibale womudikirira amene ku chipatala amamutcha gadiyani, afunse dokotala kuti ndi ziwalo ziti zimene zingayendetsedwe ndi ziti zimene ziyenera kukhala chete. Kawirikawiri choletsedwa chimakhala chimodzi, ndipo zina zonse nzololedwa.

Munthu wogona angathe kukweza ndi kutsitsa mapazi, monga wopondereza makina osokera, kakhumi kapena kupitirira pa ora lililonse ali maso. Zimenezi zimayendetsa magazi m'akatumba kuti asaundane. Angathe kukanikiza kumbuyo kwa bondo pa mphasa kufikira mnofu wa ntchafu utalimba, nawerenga mpaka 5, namasula, nabwereza kakhumi m'mawa, masana ndi madzulo. Angathe kufinya matako chimodzimodzi. Mwendo wabwino aupinde, auongole ndi kuukweza m'mwamba. Chingwe chomangidwa kumiyendo kwa bedi, kapena ku phaso lolimba la denga, chimamuthandiza kudzikoka nkukhala tsonga, ndipo mikono imene yazolowera kukoka chingwe sivutika ikadzagwira ndodo. Apumenso mozama kangapo pa ora ndi kutsokomola, chifukwa mapapo a munthu wogona chagada amasunga makhololo, ndipo chibayo chimayambira pamenepo.

Amene sangathe kudzitembenuza yekha atembenuzidwe pa maora awiri alionse, usiku womwe. Khungu la kumapeto kwa msana, la m'chiuno ndi la zidendene liyang'anidwe tsiku ndi tsiku. Pamene pada kuposa pena, patentha kapena palimba, chilonda chili pafupi kubooka, ndipo chilonda chotere chimatha kugoneka munthu nthawi yaitali kuposa matenda amene anamugoneka poyamba. Pogona pakhale pouma ndi popanda makwinya. Pali chinthu china chimene achibale amachita mwachifundo koma chimapundula: kuika mtsamiro kunsi kwa bondo usana ndi usiku. Wodwala amamva bwino, inde, koma bondolo limauma lili lopinda. Pokhapokha dokotala atalamula, mwendo ugone woongoka, ndipo kumapazi kuikidwe kathabwa kapena bulangete lokulunga kuti phazi lisagwere pansi.

Kuimirira koyamba

Wodwala asadzuke kuchoka pogona nkuimirira nthawi yomweyo. Ayambe wakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, kwa mphindi zingapo, akuyendetsa zala za kumapazi. Chizungulire chikabwera adikire chipite. Chikakula agonenso, ayesenso pambuyo pake. Masiku awiri kapena atatu oyamba angathere pa ntchito yokhayi, ndipo si kutaya nthawi. Poimirira pakhale anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo. Asamukoke mikono kapena kumugwira m'khwapa, chifukwa phewa la munthu wofooka limaguluka msanga. Amumange chitenje m'chiuno ndi kugwira chitenjecho.

M'nyumba zambiri wodwala amagona pa mphasa pansi. Kudzuka pansi nkovuta kwambiri kuposa kudzuka pa bedi, ndipo alipo anthu amene amakhala chigonere miyezi yambiri chifukwa cha ichi chokha. Ngati bedi palibe, achibale akhome mphanda zinayi ndi kuyala nsungwi kapena matabwa, kuti pogona pafike msinkhu wa m'mawondo kapena kupitirira pang'ono.

Mwa masewera onse olimbitsa miyendo, oposa onse ndi osavuta kuwafotokoza: kukhala pa mpando ndi kuimirira, kukhalanso ndi kuimiriranso. Mpando ukhale wautali poyamba, wotsamira khoma kuti usatererere kumbuyo. Wodwala akokere mapazi kunsi kwa mawondo, aweramire kutsogolo, adzikankhe ndi manja, aimirire, kenaka akhale pang'onopang'ono osadzigwetsa. Ngati lero watha katatu, katatu nkokwana. Akafika pa kakhumi mosavuta, ayese osagwiritsa ntchito manja. Akathanso pamenepo, mpando ukhale waufupi. Mnofu umakula pokhapokha ukamapatsidwa ntchito yoposa pang'ono imene wazolowera, ndipo munthu amene amabwereza zopepuka zokhazokha mwezi wonse amaima pamodzimodzi. Kathumba ka mchenga komangidwa pa kakolo, pamene munthu wakhala pa mpando ndi kuongola bondo, kamagwira ntchito yomweyo, malinga dokotala walola.

Pabwalo, pamalo amene asalazidwa ndi khasu, akhomepo nsungwi ziwiri zazitali zoyang'anizana, msinkhu wa m'chiuno, kuti wodwala aziyenda pakati pake atagwira uku ndi uku. Akachoka pamenepo adziikire malire ooneka ndi maso: sabata ino kufika pakhomo, sabata yamawa kukhitchini, kenaka pa phata la nthochi la kumapeto kwa bwalo. Kuyenda pang'ono kanayi pa tsiku kumapindula kuposa kuyenda ulendo umodzi wautali umene umamugoneka mawa lake lonse.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti wapyola muyeso? Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira nkwachibadwa, ndipo kumatha munthu akayambanso kuyenda. Koma ululu wobaya pamene panathyoka, kapena kutupa kumene sikunaphwe pofika m'mawa, kukunena kuti ntchito ya dzulo inachuluka. Pamenepo achepetse, koma asaleke.

Wothyoka fupa asatuluke m'chipatala asanamve yankho la mafunso awa: kodi mwendowu uponde pansi kapena ai, uponde ndi mphamvu yotani, ndipo kufikira liti? Yankho lake limasiyana munthu ndi munthu, malinga ndi pamene fupa linathyokera ndi chimene chithunzi chaonetsa. Mnzake wa m'chipinda chomwecho amene anaikidwa chitsulo m'fupa pa opaleshoni angaloledwe kuponda patapita masiku ochepa, pamene iye auzidwa kudikira. Kutengera mnzakeyo nkudziika pa ngozi. Koma akauzidwa kuti aponde, apondedi. Alipo amene amauleka mwendo uli lende miyezi yambiri chifukwa cha mantha, osadziwa kuti kupondako ndiko kumadzutsa timaselo tomanga fupa.

Ndodo, chitunda ndi chimbudzi

Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, ndipo imapita patsogolo pamodzi ndi mwendo wofooka. Ambiri amaigwira mbali yodwala ndipo amayenda chopendekera. Kutalika kwake kufike pa mfundo ya dzanja pamene munthu waima chilili mkono uli pansi, ndipo kunsi kwake kukhomedwe kachidutswa ka tayala kuti isaterere.

Munthu wa ku chidikha akatha kuyenda pabwalo, ndiye kuti watha zambiri. Wa ku Mughese amakhala atangoyamba. Pokwera, mwendo wamphamvu utsogole, wofooka ndi ndodo zitsatire. Potsika, ndodo ndi mwendo wofooka zitsogole, wamphamvu utsatire. Anthu amaopa chikweza chifukwa chimatopetsa, koma choopsa ndi mtsetse. Potsika, mnofu wa ntchafu umagwira ntchito ya mabuleki, kuletsa bondo kuti lisapindike mwadzidzidzi, ndipo mnofu umenewu ndiwo umaonda koposa pogona. Munthu angakwere bwinobwino kupita kwa mnansi wake, koma pobwerera bondo nkumupereka. Nchifukwa chake ayenera kuphunzira kutsika pa sitepe imodzi ya pakhonde, atagwira mzati, kwa masiku ambiri asanayese njira ya kumtsinje. Pa mtsetse weniweni atsike chammbali, mapazi afupiafupi, ndipo womuperekeza akhale kumunsi kwake.

Tinjira ta pakhomo tikonzedwe wodwala asanafike. Masitepe osemedwa ndi khasu ndi kutchingidwa ndi mitengo, pamodzi ndi nsungwi yogwirira m'mbali, ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa anyamata awiri. M'mawa kukakhala nkhungu ndi mame, monga kumakhalira kawirikawiri kufupi ndi nkhalango ya Mughese, wodwala adikire dzuwa liumitse pansi. Nsapato zomanga nzabwino. Patapata amavuka ndi kukola.

Za chimbudzi ambiri amachita nazo manyazi, koma ndi kumene odwala ochuluka amagwera. Kunjuta ndi kudzukanso kumafuna mphamvu imene munthu wotere alibe. M'chimbudzi mukhomedwe mtengo wolimba wogwirira, ndipo pa dzenje paikidwe mpando woboola pakati. Usiku asapiteko, chidebe chovundikira chikhale pafupi ndi pogona. Alipo amene amadzimana madzi ndi chakudya kuti asavutitse anzawo powaperekeza, ndipo potero amadzimbidwa, nadwala matenda a m'chikhodzodzo. Wogona ayenera kumwa madzi ambiri koposa, chifukwa kashiamu wotuluka m'mafupa uja angaundane nkukhala timiyala mu impso.

Chakudya chomangira

Womanga nyumba sangamange popanda njerwa. Nsima, nthochi zophika ndi chinangwa zimakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma zomangira mnofu zili m'nyemba, nandolo, soya, mtedza, mazira, mkaka, nsomba ndi nyama. Chimodzi mwa izi chipezeke pa chakudya chilichonse, kuyambira m'mawa. Phala la madzi okhaokha lisanduke phala lotsira nsinjiro kapena dzira. Munthu amene wadwala nthawi yaitali sakhala ndi chilakolako cha chakudya, choncho apatsidwe pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Banja limene lili ndi nkhuku lingachite bwino kuleka kugulitsa mazira kwa miyezi iwiri.

Pa kashiamu anthu a ku Chitipa ali ndi mwayi umene ena alibe, chifukwa amalima mawere. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 a kashiamu pa tsiku. Magalamu 100 a mawere ali ndi mamiligalamu oposa 300, pamene ufa wa chimanga wolemera chimodzimodzi sufika ngakhale pa 30. Nzomvetsa chisoni kuti mawere ambiri amathera ku mowa, pamene phala lake ndi chimodzi mwa zakudya zoyenera koposa munthu amene fupa lake likumangidwanso. Usipa ndi matemba, zimene zimadyedwa ndi minga yomwe, nazonso zili ndi kashiamu wambiri, ndipo zikauma minga yake ingasinjidwe pamodzi ndi nsombayo kwa amene alibe mano. Bonongwe, chigwada, nkhwani ndi mpiru zimaonjezerapo.

Kashiamu salowa bwino m'thupi popanda vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Wodwala amene watsekeredwa m'chipinda cha mdima chifukwa choopa kuzizira kwa June ndi July akumanidwa chinthu chaulere. Atulutsidwe pakhonde dzuwa likakwera, mikono ndi miyendo ili pamtunda, kwa kanthawi tsiku lililonse. Fodya amachedwetsa fupa kugwirana, ndipo mowa umachita chimodzimodzi kuonjezera pa kugwetsa munthu amene miyendo yake ili kale yosakhazikika. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV apitirize monga analangizidwa. Koma chakudya chokha, ngakhale chichuluke chotani, sichisanduka mnofu mwa munthu amene sakuyenda, chimasanduka mafuta.

Zizindikiro zosadikira nazo

Katumba wa mwendo umodzi akatupa, natentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mu mtsempha. Mwendo wotere usasisitidwe, usathowedwe ndiponso usatemedwe mphini, chifukwa chibuma cha magazicho chingachoke nkukatseka m'mapapo. Munthuyo anyamulidwe kupita ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati wayamba kubanika kapena kumva kubaya m'chifuwa mwadzidzidzi, ulendowo ukhale wa nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Chimodzimodzi ngati thupi latentha ndipo pa bala kapena pamene panalowa chitsulo pakutuluka mafinya, ngati mwendo wayamba kupindika kapena kufupika, ngati miyendo yachita dzanzi ndipo mkodzo ukutuluka wokha kapena wakanika, ndiponso ngati wodwala wagwa nalephera kuponda.

Pamene palibe choopsa chotere koma mphamvu sizikuonjezeka kwa masabata awiri kapena atatu, nkoyenera kuuza mlangizi wa zaumoyo kapena kupita ku chipatala chaching'ono, kumene angayese magazi ndi kulemba kalata yopita ku chipatala cha boma ku Chitipa. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandiza amene ntchito yawo ndi ya mafupa, ndipo ndiwo amaona odwala ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma. Aliponso ophunzitsa mafizo, amene amadziwa kuongola bondo louma ndi kuyesa ndodo zoyendera. Zovuta koposa zimatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu.

Mbali ya achibale

Chifundo cha pa mudzi ndi chinthu chabwino, koma chili ndi msampha wake. Wodwala amasambitsidwa, amavekedwa, amabweretseredwa madzi pamene wakhala, ndipo akati adzuke onse amafuula kuti, "Khalani pansi, bambo, mungagwe!" Pakutha pa mwezi munthu amene akanayenda amakhala atazolowera mpando. Lamulo labwino nlakuti chimene wodwala angathe kuchita yekha, ngakhale mochedwa, achite yekha, wina ali pafupi. Asambe kumaso, avale malaya, adye pamodzi ndi anzake. Apatsidwe ntchito ya manja monga kutongola chimanga, kusankha nyemba kapena kuyang'anira khofi woyanikidwa, chifukwa munthu amene anazolowera kudyetsa banja akaona kuti wasanduka katundu amataya mtima, ndipo wotaya mtima sadzuka kukachita masewera.

Mwana amabwerera msanga, ndipo vuto lake ndi kumuletsa kuthamanga nthawi isanakwane. Nkhalamba ndiyo iyenera kufulumiziridwa. Agogo amene agona sabata imodzi ndi malungo akhazikidwe pa mpando tsiku limene kutentha kwatsika, ndipo ayende mawa lake, pakuti kwa iwo masiku ochepa ndiwo amalekanitsa kuyendanso ndi kusayendanso. Amayi amene anasiya kusamba amakhala ndi mafupa opyapyala kale, motero kugwa kumene mtsikana angadzuke nkudzisansa fumbi kungawathyole chiuno kapena dzanja.

Kubwerera kumunda kukhale komaliza, ndipo kuyende m'magawo. Bambo uja wothyoka ntchafu ayambe wapita kumunda wapafupi chimanjamanja, ndodo ili m'manja, kukangoona. Pambuyo pake athyole khofi wa m'mizere ya pafupi ndi njira, dengu anyamule wina. Khasu lidze pambuyo pa izi, pa malo osapendekeka kwambiri, kwa ora limodzi. Kusenza katundu pamutu potsika phiri, kukwera mu mtengo ndi kukwera njinga yamoto m'njira ya mabampu zidikire kufikira dokotala ataona chithunzi chatsopano cha fupalo nanena kuti lalimba, ndipo pa fupa la m'ntchafu la munthu wamkulu zimenezi sizichitika miyezi itatu kapena inayi isanathe, nthawi zina miyezi 6. Tsiku lokaonedwanso limalembedwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo. Popeza ulendo wochoka ku Mughese kupita ku boma umafuna ndalama, ndipo msewu umavuta m'nyengo ya mvula, banja liyambe kusunga ya galimoto kuyambira sabata imene wodwala wafika kunyumba.